Ndakatulo Zosautsa Mtima: Kusungulumwa ndi Chikondi Chopyola Muyeso

Ophunzira ambiri a Fomu 4 savutika akapatsidwa ndakatulo ya chikondi chokoma. Mnyamata akutamanda namwali, akumufanizira ndi mwezi wowala kapena duwa la m'dambo, namwali akumwetulira, basi nkhani yatha. Mafunso ake amayankhika mosavuta. Mavuto amayamba pamene ndakatulo ya chikondi yomweyo ikusautsa mtima: woyankhula ali yekhayekha usiku, akukamba za munthu amene samufuna kapena amene anamwalira kalekale, mawu ake ndi ofatsa ndithu, koma inu owerenga thupi likuchita tsembwe.

Chaka china ndinapereka ndakatulo yotere pa mayeso oyeserera, n'kufunsa kuti: Fotokozani chimene chachititsa kuti ndakatuloyi ikhale yogwira mtima. Mayankho ambiri anagawika pawiri. Ena analemba kuti mlakatuliyo ndi wamisala, afunika kupita naye kuchipatala. Ena anati ndakatuloyo si yabwino chifukwa ikulimbikitsa nkhanza kwa amayi. Onsewa anaona choona, chakuti m'ndakatulomo muli chinthu choipa, koma malikisi sanapeze. Funso silinafunse ngati woyankhula ndi munthu wabwino. Linafunsa za luso limene mlakatuli wagwiritsa ntchito kuti inu mumve mantha amene mwamvawo. Phunziro lino ndi la luso limenelo.

Woyankhula si mlakatuli

Tiyambe ndi chitsanzo cha ku England, poti kumeneko kunali mlakatuli amene anatchuka ndi ndakatulo za mtundu umenewu. Robert Browning anabadwa mu 1812 ndipo anamwalira mu 1889. Iye ankakonda kulemba ndakatulo zimene mpangankhani mmodzi amayankhula yekha kuchokera pa mzere woyamba mpaka womaliza, ngati mtengambali amene watsala yekha pabwalo la zisudzo. Mu 1836 anasindikiza m'magazini ya Monthly Repository ndakatulo ya mizere 60 imene lero imadziwika ndi mutu woti Porphyria's Lover.

Nkhani yake ili motere. Usiku wa mvula yamkuntho, mkazi wotchedwa Porphyria akulowa m'kanyumba ka mwamuna amene amakondana naye. Akukoleza moto, akuvula zovala zakunja zonyowa, akukhala pambali pake n'kumuitana, koma mwamunayo ali duu. Atamuyang'ana m'maso n'kukhulupirira kuti tsopano mkaziyu ndi wake kotheratu, mwamunayo akuganiza choti achite kuti mphindi imeneyo isathe. Akutenga tsitsi lalitali la mkaziyo, kulikulunga katatu pakhosi pake, n'kumupha. Kenaka akumutsamiritsa paphewa pake n'kukhala naye chomwecho usiku wonse, kwinaku akutitsimikizira kuti mkaziyo sanamve ululu ndipo kuti zimene zachitikazo ndi zimene ankafuna.

Browning sanaphe munthu. Anakwatira mlakatuli mnzake Elizabeth Barrett mu 1846 ndipo anakhala naye ku Italy mpaka mkaziyo atamwalira mu 1861. Munthu amene akuti "ine" m'ndakatulomo ndi wochita kupangidwa, monga momwe wolemba sewero amapangira mfiti kapena mbava. Choncho mukalemba kuti "mlakatuli wapha mkazi wake" mwataya malikisi pa chiganizo choyamba chomwe. Lembani kuti "woyankhula." Ndikubwerezanso: woyankhula.

Kusiyanitsaku si kongofuna kukondweretsa wochonga ayi. Mphamvu yonse ya ndakatulo zoterezi yagona pa mpata umene uli pakati pa anthu awiriwa. Woyankhula akudziona ngati munthu wachikondi amene wachita zanzeru. Mlakatuli, amene wabisala kuseri, wasanja mawuwo mwakuti ife tione zimene mwini wakeyo sakuziona. Umenewu ndi msemphano: zoyankhulidwa zikuloza kuvuma, zoona zake zili kuzambwe. Mu 1842 Browning anaika ndakatuloyi pansi pa mutu wotanthauza zipinda za m'chipatala cha amisala, koma m'mabuku a pambuyo pake mutuwo unachotsedwa. Ine ndimaona kuti kuchotsako kunathandiza. Ukauzidwiratu kuti amene akuyankhulayu ndi wamisala, umakhala patali n'kumangoonerera. Ukayamba kumumvera ngati munthu wabwinobwino, n'kuzindikira wekha uli pakati kuti pano zinthu sizili bwino, mantha ake ndi ena.

Onaninso ichi. Mizere ya ndakatuloyi imatha ndi mawu omveka mofanana motsata dongosolo limodzi pa mizere isanu iliyonse, ndipo dongosololi silisokonezeka ngakhale pamalo pamene mkazi akuphedwa. Kamvekedwe kake ndi kodekha ngati ka munthu wofotokoza momwe anaphikira ndiwo. Woyankhula akanakhala kuti akukuwa ndi kulira, tikanamumvetsa. Kufatsa kwakeko ndi kumene kukuopsa.

Ndakatulo yoyeserera

Zitsanzo zakunja n'zothandiza, koma mayeso anu ndi a Chichewa, ndipo Chichewa chili ndi zida zake zimene Chingerezi chilibe. Ndalemba ndakatulo ili m'munsiyi kuti tiyeserepo. Iwerengeni kawiri, kachiwiriko mokweza mawu, musanapitirire.

TELALA WA PAKHONDE

Munabwera Lachiwiri, mayi,
Ndi nsalu yobiriwira m'pepala.
Ndinakuyezani mapewa ndi chiuno,
Munafunsa mtengo n'kunyamuka.
Muyeso wanu ndinasunga.

Diresi munalitenga Loweruka,
Koma tizidutswa tinatsala ndi ine.
Usiku makina akagona
Ndimatiyala pamphasa n'kutiwerenga.
Tonse khumi ndi tiwiri ndinasunga.

Umadutsa pano dzuwa likamapendeka,
Mapazi makumi anayi kukafika pamjigo.
Nyali yako imazima naini koloko,
Dzulo inachedwa. Unali ndi yani?
Sindikukwiya, ayi. Ndangosunga.

Akuti ankhoswe anakumana Lamulungu,
Anthu a pamsika pano ndi abodza.
Diresi loyera ndakusokera latha kale,
Lili pamsomali kuseri kwa chitseko,
Silidzaonedwa ndi maso a wina.

Lero sindinasoke kanthu.
Ndanola sizasi yanga mpaka kuti waliwali,
Paja nsalu za masiku ano n'zolimba.
Udzadutsa dzuwa likamapendeka.
Malo ako ndasunga.

Choyamba dzifunseni funso losavuta: kodi pakati pa anthu awiriwa pachitika chiyani kwenikweni? Mayi anabweretsa nsalu, anayezedwa, anafunsa mtengo, anabwera kudzatenga diresi. Basi. Palibe pamene mayiyo anamwetulira, palibe kalata, palibe lonjezo. Zina zonse zamangidwa m'mutu mwa telala. Wophunzira amene waona zimenezi wapeza kale theka la yankho, chifukwa wasiyanitsa zimene zachitika ndi zimene woyankhula akukhulupirira.

Tsopano yang'anani alowam'malo. M'ndime ziwiri zoyambirira telala akuti "munabwera," "ndinakuyezani," "wanu," ndipo akumutchula kuti "mayi." Umu ndi momwe telala aliyense waulemu amayankhulira ndi kasitomala. Ndime yachitatu ikuyamba ndi "umadutsa," kenaka "nyali yako," "unali ndi yani." Kodi anamupatsa ndani chilolezo chonena kuti "iwe"? Palibe. Pachikhalidwe chathu munthu wamkulu amene si mnzako, si m'bale wako wamng'ono, si wachikondi wako, sumunena kuti iwe. Telalayu wadzilowetsa yekha m'moyo wa munthu wina, ndipo mlakatuli wationetsa zimenezi osanena mawu oti "wayamba kumutenga ngati wake." Wangosintha "mu-" kukhala "u-". Kanthu kakang'ono chonchi n'kosavuta kukadumpha mukamawerenga mothamanga, komatu wochonga akakaona m'yankho lanu amadziwa kuti mwawerenga ndi maso onse awiri.

Chibwereza chimene sichiima malo amodzi

Ophunzira nonse mumadziwa kutchula chibwereza. Mukaona mawu abwerezedwa mumalemba kuti "mlakatuli wagwiritsa ntchito chibwereza pofuna kutsindika." Yankho limeneli ndalichonga kambirimbiri moti ndimalilota. Silolakwika, koma n'lopanda mafuta. Kutsindika chiyani? Motani?

Tsatani mneni woti "kusunga" m'ndakatulo yathu. M'ndime yoyamba wasunga muyeso. Telala aliyense amasunga miyeso m'kope, palibe chodabwitsa. M'ndime yachiwiri wasunga tizidutswa, ndipo akutiwerenga usiku pamphasa. Apa tayamba kukweza nsidze. M'ndime yachitatu akuti "ndangosunga" osatchula chimene wasunga. Inu ndi ine tikudziwa kuti Achewa amasunganso chakukhosi, ndiye mpata umene wasiyawo tikuudzaza tokha. M'ndime yachinayi, pamene wamva za ankhoswe, mneniyu palibe. Khutu linazolowera kumumva kumapeto kwa ndime iliyonse, ndiye kusowa kwake kukutiuza kuti nkhani ya ukwati yamugwedeza ngakhale iye akuti ndi bodza la pamsika. Kenaka mneniyu akubweranso pa mzere womaliza, ndipo chosungidwa tsopano ndi "malo ako." Malo ati? Pambali pake ngati mkazi? Kapena malo ena amene munthu sabwererako? Ndakatulo yatha isanayankhe.

Mwaona kuti mawu ndi amodzimodzi koma katundu amene asenza akulemera ndime ndi ndime. Chibwereza chotere chimagwirizana kwambiri ndi mutu wa chikondi chopyola muyeso chifukwa munthu wogwidwa ndi chikondi chotere maganizo ake amayenda ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: imazungulira pomwepo, chingwe n'kumafupika. Mlakatuli waluso amachititsa kuti ndakatulo yomwe iyende chomwecho.

Amene anaonetsa luso limeneli poyera ndi Edgar Allan Poe wa ku America, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1809 mpaka 1849. Ndakatulo yake yotchedwa The Raven inatuluka ku New York mu Januwale 1845. Ili ndi ndime 18 za mizere isanu ndi umodzi iliyonse, yonse pamodzi 108. Woyankhula ndi mnyamata wokonda mabuku amene ali yekha m'chipinda pakati pa usiku mwezi wa Disembala, akulira chibwenzi chake Lenore chimene chinamwalira. Khwangwala akulowa pawindo n'kutera pa chiboliboli chimene chili pamwamba pa chitseko. Mbalameyi imadziwa liwu limodzi lokha, lotanthauza kuti sizidzachitikanso, ndipo liwu limeneli likutseka ndime 11 zomaliza. Poyamba mnyamatayo akuifunsa dzina mwanthabwala. Sipanapite nthawi wazindikira kuti mbalameyi ingoyankha chimodzimodzi zivute zitani. Ndiye taonani zimene akuchita: m'malo mosiya, akuyamba kuifunsa mafunso opweteka kwambiri, ngati chisoni chake chidzapola, ngati adzakumanenso ndi Lenore kumwamba. Yankho akulidziwa kale. Akudzibaya yekha, mbalame ndi mpeni chabe.

Mu 1846 Poe analemba nkhani yotchedwa The Philosophy of Composition, momwe anafotokoza kuti anachita kukonza dala kuti liwulo lisasinthe koma funso lizisintha, mpaka woyankhula afike podzizunza yekha. Akatswiri ambiri amakayikira ngati anailembadi ndakatuloyo motsata ndondomeko ngati masamu momwe ananeneramo, koma zimene anafotokoza za chibwereza n'zoona, mukhoza kuziyesa nokha. Tikudziwanso kuti pa nthawi imene ankalemba, mkazi wake Virginia anali akudwala chifuwa chachikulu kuyambira 1842, ndipo anamwalira mu Januwale 1847. Mbiri yotere imathandiza kumvetsa chimene chinamukoka mlakatuli ku mutu wa imfa, koma chenjerani: pa mayeso umboni wanu uzichokera m'mizere imene mwapatsidwa.

Kusungulumwa kosatchulidwa dzina

Bwererani kwa telala wathu mufufuze mawu oti "ndasungulumwa" kapena "ndili ndekha." Mulibe. Nanga tadziwa bwanji kuti munthuyu ali yekha? Mzere woti "usiku makina akagona" wapereka umunthu kwa makina osokera. Makina sagona, amagona ndi anthu. Ngati chinthu chokhacho chimene chimagona m'nyumbamo ndi makina, ndiye kuti mulibe mkazi, mulibe mwana, mulibe mnzake. Anthu ena onse akutchulidwa kamodzi kokha, ndipo akutchedwa abodza. Munthu wokhala ndi anzake ocheza nawo sangakhale ndi nthawi yowerenga mapazi a munthu wopita kumjigo, kapena kudziwa nthawi imene nyali ya eni ake imazima. Manambala amenewa, khumi ndi tiwiri, makumi anayi, naini koloko, ndi umboni wa masiku ambiri opanda woyankhula naye.

Apa ndi pamene ndakatulo yotere imasiyana ndi nkhani ya m'nyuzi. Nyuzi ikanangoti telala wina wakhala akulondalonda mayi wina pamsika, tikanakwiya basi. Ndakatulo yatilowetsa m'nyumba mwake, yatikhazika pamphasa pamene akuyala tizidutswa, ndipo kwa kamphindi tamumvera chisoni. Kenaka wanola sizasi. Chisoni chija sichinathe, koma mantha abwera pamwamba pake, ndipo ziwirizi zikukanganirana mumtima mwathu. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, analemba kuti sewero lachisoni limagwira ntchito podzutsa chifundo ndi mantha mwa oonerera. Mukafunsidwa momwe ndakatulo yotere yakukhudzirani, tchulani zonse ziwiri, ndipo muonetse mzere umene wadzutsa chilichonse.

Ziphiphiritso zake ndi zinthu wamba za ntchito ya utelala, ndipo n'chifukwa chake zikugwira. Muyeso ukuimira kufuna kumudziwa munthu yense n'kumutsekera m'manambala. Tizidutswa ndi zotsalira zimene mwini wake anazitaya osaziganizira, koma kwa telala zasanduka munthuyo. Diresi loyera ndi la ukwati, inde, koma nsalu yoyera timaionanso pamaliro, ndipo diresi limeneli akuti silidzaonedwa ndi maso a wina. Ukwati wanji umene anthu saona mkwatibwi? Sizasi ndi chida cha tsiku ndi tsiku, ndipo woyankhula wapereka chifukwa chomveka choinolera. Komatu wanena yekha kuti lero sanasoke kanthu. Mvekero woti "waliwali" ukutikakamiza kuona chitsulocho chikunyezimira, ndipo mawu oti "paja" akumveka ngati a munthu amene akuyankha funso limene palibe wamufunsa.

Woyankhulidwa amene alibe pakamwa

M'ndakatulo zambiri za mtundu umenewu wokondedwayo sayankhula. Mayi wathu mawu ake okha ndi ofunsa mtengo, ndipo ngakhale amenewo sitinawamve mwachindunji. Lenore ndi womwalira. Porphyria zonena zake timazimva kudzera mwa amene anamupha. Izi sizichitika mwangozi. Chikondi chopyola muyeso sichifuna yankho, chifukwa yankho likhoza kukhala lakuti ayi.

Browning anaonetsanso zimenezi mu 1842 m'ndakatulo ya mizere 56 yotchedwa My Last Duchess. Woyankhula ndi mfumu yolemera ya mzinda wa Ferrara ku Italy, imene ikuonetsa mlendo chithunzi cha mkazi wake womwalira. Chithunzicho chimakhala chophimbidwa ndi katani amene amatsegula ndi mfumuyo yokha. Ikudandaula kuti mkaziyo ali moyo ankasangalala ndi zinthu zilizonse ndipo ankamwetulira aliyense, kenaka ikutchula modutsa za lamulo lina limene inapereka, owerenga n'kumva tokha chimene chinachitika. Choopsa kwambiri chikubwera kumapeto, pamene tikuzindikira kuti mlendoyo ndi mthenga wa banja limene mfumuyo ikufuna kukwatirako mkazi wina. Akatswiri ambiri amati Browning ankaganiza za Alfonso II wa ku Ferrara, amene mkazi wake Lucrezia de' Medici anamwalira mu 1561 ali ndi zaka 16. Mkazi wa pachithunzi sangamwetulire wina aliyense popanda chilolezo, ndiye kwa mfumuyo ndi wabwino kuposa wamoyo uja. Yerekezani katani ameneyu ndi chitseko chimene chabisa diresi loyera.

Musaganize kuti ndakatulo zonse zotere zimathera pa kupha. Nkhani yakale ya Aluya ya Layla ndi Majnun, imene mlakatuli Nizami anailemba mwandakatulo m'chiyankhulo cha ku Persia cha m'ma 1188, imakamba za mnyamata Qays amene anakanizidwa kukwatira Layla, n'kuthawira kuchipululu kukakhala ndi nyama zakutchire. Dzina loti Majnun ndi lomunyoza, lotanthauza wopenga. Iye sakuvulaza wina koma akudzinyeketsa yekha, monga mnyamata wa khwangwala uja. Choncho mukapatsidwa ndakatulo, fufuzani kuti amene ali pangozi ndani: wokondedwa, woyankhula, kapena onse awiri.

Pamene ndakatulo yotere imagwa

Si ndakatulo iliyonse yokamba za misozi ndi magazi imene ili yabwino. Ophunzira anga akamalemba zawo, ambiri amayamba ndi kulira, pakati kulira, kumapeto chingwe. Mzere uliwonse muli voko: misozi yadzaza nyanja, mtima wasweka zidutswa chikwi. Voko ndi chipangizo chovomerezeka, koma likachuluka owerenga amachita dzanzi, ngati lilime limene lazolowera tsabola. Ena amawononga kumapeto. Atatiopseza bwinobwino, amawonjezera ndime yolangiza kuti achinyamata tipewe chikondi chotere. Tayesani kuika ndime yotere pansi pa "malo ako ndasunga" muone. Mantha onse aphwa ngati thayala lobooka, chifukwa mlakatuli watuluka kuseri kuja n'kutigwira dzanja.

Mtsikana wina m'kalasi anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ngati mlakatuli sadzudzula, anyamata ena sangatengere?" Funso labwino, ndipo sindinaliyankhe msanga. Yankho langa ndi lakuti kudzudzulako kulimo, koma kwaikidwa m'kasanjidwe ka mawu. Palibe amene amamaliza kuwerenga za telalayu n'kumusirira. Chimene amatsala nacho ndi khutu lodziwa kumva pamene mawu okoma asanduka chingwe: pamene munthu akudziwa nthawi imene nyali yako imazima iwe usanamuuze, pamene akufunsa kuti unali ndi yani chonsecho si kanthu kwa iwe. Ndipo ndinene pano kunja kwa silabasi: wina akamakuyankhulani motere m'moyo weniweni, kaya pamaso kaya pafoni, imeneyo si ndakatulo. Uzani makolo, aphunzitsi kapena apolisi.

Kayankhidwe pa mayeso

Tiyerekeze kuti funso ndi ili: Fotokozani momwe mlakatuli waonetsera kuti chikondi cha woyankhula n'choopsa. Wophunzira wina alemba kuti:

"Mlakatuli ndi telala amene amakonda mayi wina kwambiri. Wagwiritsa ntchito chibwereza, umunthu ndi mvekero. Ndakatuloyi ikutiphunzitsa kuti tisamakonde anthu mopyola muyeso."

Yankho ili lasokoneza mlakatuli ndi woyankhula, latchula zipangizo zitatu popanda chitsanzo n'chimodzi chomwe, ndipo lathawira ku phunziro limene silinafunsidwe. Kutchula mayina a zipangizo kuli ngati kutchula mayina a mankhwala osadziwa matenda amene amachiza. Wina alemba kuti:

"Mlakatuli wasintha momwe woyankhula akutchulira mayiyo. M'ndime yoyamba akuti 'munabwera' mwaulemu, koma m'ndime yachitatu akuti 'umadutsa' ndi 'nyali yako.' Izi zikuonetsa kuti wayamba kumutenga ngati wake chonsecho mayiyo anangofunsa mtengo. Komanso mneni woti 'kusunga' wabwerezedwa, koma chosungidwa chikusintha kuchoka pa muyeso kufika pa 'malo ako,' zimene zikupatsa owerenga mantha chifukwa mawuwa abwera woyankhula atangonola sizasi."

Wachiwiriyu wachita zinthu zitatu pa mfundo iliyonse: watchula chimene mlakatuli wachita, wapereka mawu enieni a m'ndakatulo, wafotokoza chimene mawuwo akuchita kwa owerenga. Chizolowezi chimenechi chikhale chanu pa ndakatulo ina iliyonse imene MANEB ingakupatseni, kaya ndi ya chikondi kaya ya maliro. Mukafunsidwa kamvekedwe ka ndakatulo ngati iyi, musathamangire kulemba kuti n'kachisoni basi. Nenani kuti n'kodekha koma koopseza, ndipo muonetse mzere ngati "sindikukwiya, ayi," pamene kukanako kukuulula mkwiyo womwewo. Mawu anu ogwira m'ndakatulo azikhala afupiafupi. Kukopera ndime yonse kumangodya nthawi, malikisi sikubweretsa.

Ntchito

1. Kodi woyankhula ndi woyankhulidwa m'ndakatulo ya "Telala wa Pakhonde" ndani? Perekani umboni wa ubale umene ulipodi pakati pawo.

2. Masiku atatu a pasabata atchulidwa m'ndakatuloyi. Kodi kukumbukira masiku motere kukutiuza chiyani za woyankhula?

3. Mzere woti "Unali ndi yani?" ena angautche funso la chodziwadziwa. Kodi mukugwirizana nazo? Fotokozani.

4. N'chifukwa chiyani mzere woyamba wa ndime yachitatu wabwereranso m'ndime yomaliza uli m'nthawi yam'tsogolo?

5. Lembani ndime imodzi ya mizere isanu imene mayi uja akuyankhula za telalayu kwa mnzake pamjigo. Kumbukirani kuti mwina ngakhale dzina lake salidziwa.